Mmene ndinathamangira m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota osaboola m'thumba

Ife a ku Kasungu nyanja timaionera m'mbale, usipa ukafika pamsika. Nditanena kuti ndikufuna kukathamanga pamchenga ku Nkhotakota, mayi a kunyumba anaseka mpaka misozi. "Abambo, inuyo amene mumapuma wefuwefu pokwera chulu?" Sananame. Chichokereni ku sekondale ndinali ndisanathamangepo.

Ndinayambira pa kaunjika. Nsapato za m'sitolo sindinazilote n'komwe. Pitani masana phazi litatupako, muyese mutavala masokosi amene muzithamangira, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi mphuno ya nsapato pazitsala malo okwana chala chamanthu. Itembenuzeni muone kunsi: ngati zidindo zinatha n'kusalala, isiyeni, ngakhale wogulitsa atalumbira pali makolo ake. Kabudula ndi malaya ndinatenga za m'nyumba momwemo.

Kenako milungu isanu ndi itatu ya m'misewu yafumbi ya kuminda ya fodya, katatu pa mlungu, mbandakucha. Mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, kubwereza kakhumi. Poyamba ndinkachita manyazi kuyenda ana a sukulu akundiyang'ana, koma pofika mlungu wachisanu ndinkatha mphindi 20 osaima. Muyeso wanga unali umodzi: ndikalephera kuyankha moni bwinobwino, ndiye kuti ndikuthamangitsa. Loweruka ndinkakwera phiri la Kasungu wapansi kuti miyendo izolowere miyala ndi chitunda.

Ndinasankha Julaye. Nyanja ili pansi, pafupifupi mamita 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene kwathu kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000. Munthu wa ku Kasungu akapita kumeneko mu Okutobala, dzuwa limamuphika asanafike n'komwe pamchenga. Ulendo wake ndi wa msewu wa M18, kudzera pa Malomo n'kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene a bungwe la African Parks akuyang'anira kuyambira 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, choncho njira zokongola zimene muzione pawindo la minibasi zisakukopeni. Ndinagona pa resitihausi yotchipa. Chimene ndinafunsa ndisanalipire ndi neti yopanda zibowo basi, poti udzudzu wa kunyanja sucheza.

Kamba wanga anali mbatata yophika, nthochi ziwiri ndi botolo la lita imodzi. M'madzimo ndinathiramo masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere, monga timachitira mwana akatsegula m'mimba. Zakumwa zamitundumitundu za m'mabotolo zija sindinazisowe.

Dzuwa likutuluka m'madzi, ndinali pamchenga. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti fumbi la kwathu linandinamiza. Ndinaponda mchenga wouma, phazi n'kumamira, ndipo mphindi khumi zisanakwane akatumba anali moto. Ndinaima n'kugwira m'mawondo pafupi ndi bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde.

"Wawa, agogo, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Nanga mwana wanga, akukuthamangitsani ndani?" Nditafotokoza anapukusa mutu, koma anandilozera ndi chibwano. "Tsikirani apo pamene pakufika mafunde. Pamenepo m'polimba."

Zoonadi, mchenga wonyowa unali ngati bwalo lozira. Koma nawonso uli ndi msampha wake: ndi wopendekera, mwendo wa kumadzi umaponda pansi kuposa unzake, ndipo mukapita mbali imodzi nthawi yaitali bondo ndi chiuno zimayamba kudandaula. Mankhwala ake n'kubwerera njira yomweyo kuti miyendo isinthane. Mwezi umenewu ndi wa mwera, mphepo yochokera kummwera, ndiye ndinayamba ndi kulimbana nayo mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera izindikankha kumsana. Mapazi ndinkaponya pafupipafupi, osatambasula ngati pamsewu.

Gombe si bwalo la masewero, ndi malo a ntchito a eni ake. Pali mabwato, zingwe za makoka, mathandala oyanikapo usipa. Ndikafika pamene anthu akukoka khoka ndinkasiya kuthamanga, kupereka moni, n'kulambalala kumtunda osadumpha chingwe. Agogo aja anandiuzanso pamene pali doko losambira amayi. Pamenepo ndinakhotera m'kanjira ka m'minda ya chinangwa, ndipo kunena zoona timanjira timeneti ndi timene ndinatikonda kwambiri, ta mizu, timiyala ndi mthunzi wa mango.

Pamene pali bango, kapena pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, bwererani. Ndi kwa ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odekha a m'bangomo ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo. Thukuta linandinyengerera kuti ndidziponye m'madzi, koma ndinakasamba ku resitihausi. Kuvula nsapato nakonso kumakoma m'maso, mpaka mutaponda mbedza kapena munga wa kampango. Ine ndinangoima kawiri kukutumula mchenga m'masokosi; kachitatu ndinachita ulesi, ndipo thuza la pachidendene linandiperekeza mpaka kwathu.

Foni inati makilomita 6, kuphatikizapo amene ndinayenda. Masana ndinadya kondowole wa chambo, n'kupita motsimphina kukaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860. Ndinakhala pamthunzi wake nditavula nsapato imodzi.

Kunyumba ndinafika madzulo a Lamulungu ndi kajumbo ka usipa wouma. Mayi anayang'ana kajumboko, n'kuyang'ana phazi langa, n'kukateleka madzi amchere.