Kusaka msilikali wa ku Kerry, kuchokera ku Dublin mpaka ku Kew

Mendulo za asilikali a Britain za nkhondo yoyamba ya padziko lonse zili ndi ubwino umodzi: anadindapo dzina la mwini wake, nambala yake ndi gulu lomwe ankamenyera. Apongozi anga aamuna, omwe kwawo ndi ku Kerry m'dziko la Ireland, ali nayo imodzi ya agogo awo, yolembedwa m'mphepete timalemba tosonyeza gulu la Royal Munster Fusiliers. Chomwe banja lonse linkadziwa ndi chomwecho basi. Mkuluyo anabwerako kunkhondo, n'kukwatira, n'kumwalira osatchulapo za kumene anapita. Ine pokhala mtengwa wokonda kufunsa, ntchito yofufuza inagwera ine, ndipo apongozi anati atsagana nane ngakhale bondo limawavuta.

Tinayambira pa kompyuta kunyumba ku Dublin. Kalembera wa anthu wa 1901 ndi wa 1911 ali pa intaneti kwaulere kudzera ku National Archives of Ireland, ndipo umaona pepala lenileni lolembedwa ndi dzanja la mwini khomo. Mu 1901 tinamupeza, kamnyamata ka pasukulu m'nyumba ya ana ambiri. Mu 1911 dzina lake mulibe, koma zimenezo sizodabwitsa kwenikweni, pakuti asilikali okhala m'mabalakisi ankalembedwa ndi zilembo zoyamba za mayina awo zokha. Kubwerera m'mbuyo kupitirira apo n'kovuta, chifukwa zikalata zambiri zakale za dzikoli zinapsa mu June 1922, pamene nyumba yosungira zikalata ku Four Courts inaphulika nkhondo yapachiweniweni itangoyamba.

Anthu ambiri amaganiza kuti msilikali wa ku Ireland apezeka ku Military Archives, ku Cathal Brugha Barracks m'dera la Rathmines. Kumeneko amasunga za amene anamenyera ufulu kuyambira mu 1916 mpaka 1923 ndi za asilikali a boma la Ireland lodziimira. Amuna oposa 200,000 amene anapita kunkhondo ya 1914 mpaka 1918 anavala yunifolomu ya Britain, choncho mapepala awo ali ku London. Komabe mndandanda wa penshoni wa ku Rathmines unatithandiza mwanjira ina: munatuluka mng'ono wake wa msilikali wathuyo, amene anali mu IRA, gulu lankhondo lomenyera ufulu wa Ireland. Mimba imodzi, wina kwa mfumu ya England, wina kutchire kulimbana ndi mfumu yomweyo. Apongozi anavula magalasi n'kunena kuti, "Ndiye chifukwa chake pakhomo paja sankakambapo." Gulu la Munsters linathetsedwa mu 1922 pamodzi ndi Connaught Rangers, Leinster Regiment, Royal Irish Regiment ndi Royal Dublin Fusiliers, ndipo m'dziko latsopanolo kukhala msilikali wakale wa Britain sichinali chinthu chonyadira pagulu.

Tisanawoloke nyanja tinapita ku Islandbridge, kufupi ndi siteshoni ya sitima ya Heuston, komwe kuli munda wa chikumbutso womwe anajambula katswiri wa mapulani a zomangamanga, Edwin Lutyens. Umakumbukira anthu a ku Ireland 49,400 amene anafa pankhondoyo. Anaumanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo antchito ake theka anali asilikali akale a Britain, theka a boma la Ireland. Kenako unasiyidwa kwa zaka zambiri mpaka kuutsegula mwalamulo mu 1988. Lero ndi malo osamalika, a maluwa a rozi, anthu akuyendetsa agalu m'mbali mwa mtsinje wa Liffey. Ine maganizo anathawira ku chipilala cha King's African Rifles ku Zomba, cha nkhondo yomweyi, ndi kwa amtengatenga ambirimbiri amene anafera m'njira osalembedwa paliponse. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ofera kunkhondo, linavomera poyera kuti anthu akuda ambiri sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Wa ku Kerry uyu, ngakhale abale ake anamukhalira chete, boma linamupatsa nambala.

Ku London tinakwera sitima ya District line mpaka ku Kew Gardens, n'kuyenda pang'ono pakati pa nyumba za anthu kukafika ku The National Archives. Zikwama umasiya m'maloka, cholembera cha inki sichilowa, pensulo yokha. Apa ndi pomwe munthu ayenera kulimba mtima. Mu September 1940 bomba la Germany linagwera nyumba yosungira mafayilo a asilikali pa Arnside Street, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu anapsa. Otsalawo ali m'gulu la WO 363, ndipo umawaona pa kompyuta chifukwa mapepala enieniwo ndi osagwirika. Ndinatsegulako fayilo ya munthu wina wa dzina lofanana ndi lathu: m'mphepete monse mwakuda ngati chimanga chopserera pamoto, inki itasungunuka ndi madzi ozimitsira, koma pakati n'kumawerengekabe kutalika kwa munthuyo, kukula kwa chifuwa chake, ndi chilango chomwe analandira atabwera mochedwa ku balakisi. Nambala inali yosiyana. Ku Kerry anthu a dzina limodzi ndi ambiri zedi, moti wopanda nambala akhoza kutenga agogo a eni ake n'kumawalirira.

Fayilo ya wathu inapita ndi moto. Mu WO 364, momwe muli mapepala a penshoni omwe sanapse, munalibenso. Chomwe chinapulumuka ndi kakhadi ka mendulo, ka mu WO 372, kosonyeza kuti anayambira nkhondo ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915. Kakhadi kochepa, koma kanatsegula njira, chifukwa batalioni yoyamba ya Munsters inali pakati pa magulu omwe anatsika m'sitima ya pamadzi yotchedwa River Clyde pa gombe la V Beach pa 25 April 1915, asilikali a Turkey akuwombera kuchokera kumtunda, ambiri n'kufera m'madzi asanaponde mchenga. Mabuku a tsiku ndi tsiku a mabatalioni, WO 95, amafotokoza komwe gulu linali, koma amatchula mayina a maofesala. Asilikali wamba amangowawerenga kuti afa angati, avulala angati. Ndiye dzina la agogo sitinalione, koma tinatsata mapazi a batalioni yawo kuchoka ku Gallipoli mpaka ku France mu 1916.

Ine ndimaona kuti zimenezi n'zokwanira kulemba tsamba labwino la mbiri ya banja. Apongozi sakuvomereza. Tili m'sitima yobwerera ananditembenukira n'kuti, "Mwana wanga, V Beach imeneyi anthu amafikako?" Ndinati, "Amafikako bambo, koma ndi ku Turkey, ndipo bondo lanulo?" Anandiyankha kuti za bondo ndisiyire iwo, ine ndikawauze amuna anga ayambe kuyang'ana mtengo wa ndege ya ku Istanbul.