Zotsatira za fomu 4 zatuluka, tawasiyani ana apume

Abale anga a kuno ku Kasungu, MANEB yatulutsa zotsatira za MSCE ndiye m'magulu a WhatsApp mwangodzaza mapointi okhaokha, uyu 14 uyu 22, koma amene sizinawayendere angoti zii m'nyumba, foni anazimitsa kalekale. Mwana wa aneba athu chidzulo sanakhudze nsima, akuti Chingerezi wapeza 9, ndiye mukudziwa kale kuti Chingerezi ukalephera setifiketi palibe olo masamu ukhale ndi 1. Bambo ake akungobwereza zoti ndinagulitsa mabelo a fodya chifukwa cha iwe. Zoona fodya ndi wowawa kulima, sitikukana, koma mawu amenewo akumupweteka mwana, enatu amafika poganiza zodzipha ndi nkhani zomwezi.

Mayeso amalembedwanso, ambiri amabwereza n'kukhoza bwinobwino. Ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikiza Chingerezi, inde, koma kulinso makoleji a TEVETA, ukalipentala, zamagetsi, kuwotcherera, anthu akudya nazo pa boma pompa. Ndipo inu azakhali ofunsa "wapeza mapointi angati" mpaka pamjigo, mwana atanyamula ndowa, mapointi anu a 1998 aja sitinawaonebe.