Masitepe 14 aja

Anthu akamva zoti ndinachitidwa opaleshoni ya mtima amangofuna kuona chipsera basi. Chilipodi, kuyambira m'munsi mwa khosi kutsika chifuwa chonsechi, koma ine ndikamaganiza za matenda aja chimabwera m'mutu ndi masitepe 14 okwera ku ofesi kwathu.

Ndinkaima kawiri pamasitepe amenewo, kunamizira kuyankha meseji kuti anzanga asaone kuti ndili wefuwefu. Usiku mapilo atatu chifukwa ndikagona chagada mpweya unkabanika, madzulo mapazi otupa nsapato kukana kuvuka, ine n'kumati ndi kunenepa chabe. Osadziwa kuti valavu ya mitral, kachitseko kena ka mumtima, yapanikizika, magazi sakudutsa bwino, akudikha m'mapapo. Adokotala anati gwero lake ndi rheumatic fever, zilonda zapakhosi za paubwana zomwe sizinalandire mankhwala, zimadya valavu mwakachetechete kwa zaka. Chomwe chimandiwawa n'choti mpira ndinasiya, kuvina ndinasiya, mpaka kunyamula mwana wanga, zonsezi pang'onopang'ono moti sindinaone n'komwe kuti ndasiya.

Amadula fupa la pachifuwa, akamaliza n'kulimanga ndi mawaya, ndiye ine ndimayesa ndigona mwezi wathunthu. Ayi ndithu! Tsiku lachiwiri lokha afizo, aja othandiza odwala kulimbitsa thupi, anatulukira, "tadzukani bambo, tiyende." Ndinawayang'ana ngati apenga, machubu ali lendelende, koma tinafika pachitseko n'kubwerera. Kutsokomola ndiye usanene, umayamba wakumbatira pilo mwamphamvu, kuyetsemula ndinkakuopa kuposa jakisoni.

Kunyumba malamulo anali osavuta: osanyamula chinthu choposa makilo 5, osayendetsa galimoto milungu 6, fupa ligwirane kaye. Chovuta chinali mantha, za izi bwenzi atandichenjeza bwinobwino. Mtima ukangothamanga pang'ono ndinkakhala pansi msangamsanga, masiku ena kungolira popanda chifukwa. Mayi akunyumba nawo, mwachikondi chomwecho, "takhalani pansi inu, mukufuna kutisiya?" Kunena zoona chikondi chimenecho chikanandigoneka pampando mpaka lero. Anandithandiza ndi afizo omwe aja, akuti ngati mukuyenda n'kumatha kulankhula ndiye kuti muli bwino, mawu akayamba kuduka chepetsani, chifuwa chikawawa kapena chizungulire imani muyimbe foni. Ndinayamba ndi mphindi 5 kuzungulira nyumba, kenako 10, pano ndimakwanitsa mphindi 150 pa sabata zomwe a WHO amalimbikitsa zija, masabata ena ulesi umawina, sindinama.

Sikuti zonse zinabwerera ayi. Valavu yomwe anandiika ndi yachitsulo, ndiye warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi wa moyo wonse, kukayezetsa INR (kuona nthawi yomwe magazi akutenga kuti aundane) pafupipafupi, mpira wogundana uja ndinatsanzikana nawo chifukwa ndikavulala magazi sachedwa kuvuta. Usiku kukakhala zii imamveka kuti thi thi thi ngati wotchi, mwana amaika khutu pachifuwa panga n'kumawerenga.

Sabata yatha ndinakwera masitepe aja ndikukangana ndi mnzanga za ripoti, ndinazindikira ndili kale pampando kuti foni sindinaitulutse m'thumba.