Mmene ndinafufuzira chiyambi cha mawu akuti Essbesteck

Pophunzira Chijeremani ndinakumana ndi mawu akuti Essbesteck, omwe amatanthauza mpeni, foloko ndi supuni pamodzi, ndipo ndinaganiza zolondola kumene anachokera. Ndinayamba ndi kuwagawa kuchokera kumapeto, chifukwa m'chinenerochi dzina lomaliza ndilo limanyamula tanthauzo lenileni komanso ndilo limalamula gulu la dzina lonse. Choncho ndinapeza Besteck kumapeto, ndipo kumayambiriro kunatsala Ess-, lochokera ku mneni essen, kudya. Mbali imeneyi sinandivute.

Ntchito inakula pa Besteck. Nditachotsa mphatikira be- ndinatsala ndi tsinde la mneni stecken, lomwe limatanthauza kusomeka kapena kulowetsa chinthu penapake, ndipo ndinadabwa kuti kusomeka kukugwirizana bwanji ndi chakudya. Apa ndinatsegula buku lofotokoza chiyambi cha mawu la Friedrich Kluge, katswiri wa chinenero cha Chijeremani, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1883 ndipo lakhala likukonzedwanso kambirimbiri. Buku lomasulira mawu wamba silithandiza pa ntchito ngati iyi, chifukwa limangonena zimene mawu akutanthauza masiku ano.

Ndinapeza kuti m'zaka za m'ma 1500 Besteck silinali dzina la ziwiya, koma la chimake chimene munthu ankasomekamo zida zake. Pa nthawiyo wolandira alendo sankayala mipeni patebulo. Aliyense ankafika ndi wake, atauika m'chimake chomangirira palamba. Pang'ono ndi pang'ono dzina la chimake linasamukira pa zinthu za m'katimo, mpaka chimakecho chinaiwalika. Zimenezi zinandithandizanso kumvetsa chifukwa chake Ess- amafunika nthawi zina, pakuti zida za dokotala wochita opaleshoni nazonso zimatchedwa Besteck.

Ndisanatseke bukulo ndinayang'ananso Messer, mpeni, poganiza kuti ndi mawu osagawika. Ndinapeza kuti nawonso ndi mawu awiri amene anafupika chifukwa cha kutchulidwa kwa zaka zambiri: m'Chijeremani chakale anali mezzisahs, kuchokera ku maz, chakudya, ndi sahs, lupanga lalifupi. Akatswiri ambiri amati dzina la mtundu wa anthu otchedwa Sachsen linachokera ku sahs yemweyu, chifukwa cha lupanga limene ankanyamula.