Kusintha oyilo wa giyabokosi ya Benz yakale imene imayenda pakati pa Ulongwe ndi Tete

Benz ikadutsa makilomita 300,000, anthu amayamba kutchera khutu ku injini poganiza kuti ndi imene iyambe kufa. Koma injini ya M112, V6 ija imene ili mu E240 ndi E320 za mtundu wa W210, sivuta ngati ikumwa oyilo wabwino pa nthawi yake. Chimene chimagoneka magalimotowa pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku kuyamba kuikiramo mazira ndi giyabokosi. Ndi ya otomatiki, ya magiya 5, nambala yake 722.6, ndipo ndi yolimba ndithu. Vuto ndi loti itangotuluka kumene, cha m'ma 1996, opanga ankati oyilo wake sasinthidwa. Pambuyo pake anadzasintha mawu n'kuyamba kunena za makilomita pafupifupi 60,000, koma mawu oyamba aja ndi amene anakhazikika m'mitu ya anthu. Kuno kwathu oyiloyo amapsa msanga. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, ndipo kuchoka m'mbali mwa Zambezi kudzera ku Moatize mpaka ku Angonia ndi chitunda cha mamita oposa 1,000, nthawi zambiri uli kumbuyo kwa thiraki yolemera imene ikukwawa. Ine ndimasintha motere.

Ndisanagule chilichonse ndimayamba ndaona ngati ntchitoyo ithandiza. Ndimalumikiza kompyuta yowerengera zolakwika, yokhoza kulankhula ndi giyabokosi osati injini yokha, ndipo ndimakoka oyilo pang'ono n'kudontheza pa pepala loyera. Wofiirira kapena wakuda pang'ono ndi wokalamba chabe. Wonunkha ngati nsima yopserera, galimoto ikulira koma osathamanga, ndiye kuti makilatchi a m'kati atha kale, ndipo oyilo watsopano sangawabwezeretse. Zikatero ndalamazo ndi bwino kuzisungira amisiri otsegula giyabokosi. Makina otsuka giyabokosi popoperamo oyilo mwamphamvu sindiwalola pa galimoto imene yayenda kwambiri chonchi, chifukwa amatakasa zinyalala zimene zinakhala phee n'kuzikankhira m'timabowo ta mavavu.

Zogula ndi izi: fyuluta, gasiketi ya sampu (beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi), washala watsopano wa pulagi yokhetsera oyilo, kachotsekera kofiira ka pa chivindikiro cha paipi yothirira, ndi soketi ya mawaya yokhala ndi timapini 13 pamodzi ndi timphira take tiwiri. Oyilo akhale wolembedwa MB 236.14 pa botolo, wofiira. Wa 236.10 kapena 236.12 amagwiranso. Wa 236.15, wabuluu uja, ndi wa magiyabokosi ena a magiya 7 ndipo asalowe muno. Wogulitsa akanena kuti ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ndi ATF basi, ndimathokoza n'kutuluka. Malita 5 amakwana ngati ndikukhetsa sampu yokha, 9 ngati ndikhetsanso torque converter, chimphika chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Zinthuzi zikasowa mu Tete, zimapezeka ku Lilongwe podzera pa Calomue, ku Blantyre podzera pa Zobue, kapena kuitanitsa ku Johannesburg. Soketi ija musagule yotchipa. Timphira take timauma msanga ndipo mudzabwereranso pansi pa galimoto mvula isanagwe kawiri.

Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi dipstick. Giyabokosi imeneyi inabwera yopanda choyezera. Paipi ilipo kumbuyo kwa injini, koma ili ndi chivindikiro chokha. Choyezeracho chimagulidwa padera, nambala yake ndi 140 589 15 21 00, ndipo chili ndi mizere ya madigiri 25 ndi ya madigiri 80. Popanda chimenechi sindiyamba n'komwe. Zida zina ndi Torx T30, allen key ya mamilimita 5, soketi yaitali ya 7 yomasulira bawuti, sipanala yaing'ono yoyeza mphamvu yomangira, fanulo yopyapyala kukamwa, nsalu zosathothoka ulusi, ndi chigubu cha malita 5 chimene ndalembapo mizere ya theka la lita.

Malo ogwirira ntchito ndi nkhani yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Sampu ikachoka, mavavu onse amakhala pamtunda, ndiye kamphepo kamodzi ka mu Ogasiti kokhala ndi fumbi kangawononge zimene makilomita 300,000 sanawononge. Ndimafuna pa simenti, potchingika, m'mawa mphepo isanadzuke. Dzenje la pa galaja ndi labwino koposa. Ngati palibe, galimoto ikhale pa zitsulo zoimikira zinayi ndipo ikhale yowongoka. Jeke yekha kapena njerwa ayi, galimotoyi imalemera kuposa tani imodzi ndi theka.

Ndimayendetsa mphindi 10 kuti oyilo asungunuke, kenako ndimazimitsa, kuchotsa chipulasitiki cha pansi, ndi kutsuka mozungulira sampu yonse mpaka dothi litatha. Ndikamasula pulagi yokhetsera, ndimagogoda allen key kuti ilowe mpaka pansi, chifukwa ikalowa theka imadya mutu wa pulagi. Oyilo yense amagwera m'beseni loyera, ndipo ndimamuthira m'chigubu chija kuti ndidziwe kuchuluka kwake. Akasiya kudontha ndimamasula mabawuti 6 a sampu. Aliyense ali ndi kachitsulo kake kopanira, ndipo kamodzi n'kosiyana ndi tinzake chifukwa kamagwira chotchinga kutentha, choncho ndimakumbukira malo ake. Awiri omaliza ndimamasula dzanja lina litagwira sampu, popeza imakhala idakali ndi oyilo wokwanira kukusambitsa. Fyuluta simangidwa ndi bawuti, imangokokedwa pansi. Ndimaonetsetsa kuti kamphira kake katuluka nayo. Kakatsalira m'bowo, fyuluta yatsopano sikhala bwino ndipo pampu imayamba kukoka mpweya. Zonse pamodzi zimakwana malita atatu kapena anayi.

Sampu ndimaiwerenga ndisanaitsuke. Phala lotuwa, losalala ngati mwaye, pa maginito ndi pansi, ndi la masiku onse. Tizitsulo tonyezimira timene timamveka pakati pa zala, kapena tofiirira ngati mkuwa, tikusonyeza kuti china chake chikudyeka m'kati. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Oyiloyu amakazizira mu ladiyeta, ndiye khoma la m'katimo likaboola madzi a injini amasakanikirana naye n'kumatula makilatchi. Ma Benz ena oyambirira a W211, mtundu umene unalowa m'malo mwa W210, anadziwika ndi vuto limeneli. Zikatero ladiyeta ndiye ayambe kusinthidwa. Sampu ikapezeka yopanda maginito, monga zina zakale, ndimaikamo.

Magalimoto a zaka zoyambirira, mpaka cha m'ma 1999, ali ndi pulagi inanso pa torque converter. Pansi pa polumikizira injini ndi giyabokosi pali kazenera. Ndimapempha achimwene amene akundithandiza kuti azungulitse injini pang'onopang'ono ndi soketi ya 27 pa bawuti ya pule yakutsogolo, molowera mmene imazungulira ikamalira, osabwerera m'mbuyo, ine ndikuyang'ana ndi tochi mpaka pulagiyo itaonekera. Ndikaimasula pamatuluka malita ena atatu kapena kupitirira, kenako ndimaibwezera. Ikazungulira yonse osaoneka kanthu, ndiye kuti yanu ilibe.

Tsopano soketi ya timapini 13, imene kwa ine ndi theka la chifukwa chogonera pansi pa galimotoyi. Ili kutsogolo kwa giyabokosi, mbali ya kumanja, pamwamba pang'ono pa sampu. Timphira take tikauma, oyilo samangodontha pansi ayi. Amalowa m'mawaya n'kukwera ngati palafini mu chingwe cha koloboyi, mpaka kukafika mu kompyuta ya giyabokosi, imene pa W210 ili m'bokosi la zamagetsi mu boneti. Galimoto imayamba kusintha magiya mogunda, kapena kukakamira giya yachiwiri osasunthanso, ndipo munthu amauzidwa kuti agule giyabokosi ina pamene cholakwa ndi kapulasitiki kokwana m'dzanja. Ndimapotoza kamphete kake kumanzere, pulagi ya mawaya imatuluka. Pakati penipeni pa soketi, m'kati, muli bawuti ya 7. Ndikaimasula ndimakoka soketiyo molunjika. Yatsopano ndimaipaka oyilo pa timphira, kuilunjika ndi timapini, ndi kuikankha mpaka itakhala. Bawutiyo imafuna 2.5 Nm basi pa sipanala yoyeza ija, kutanthauza mphamvu ya zala ziwiri. Imamangirira mu conductor plate, mbale ya pulasitiki ya zamagetsi imene ili pamwamba pa mavavu m'kati mwa giyabokosi, ndipo mukaikoka ngati ya tayala mwathyola chinthu chodula kuposa zonse mwagulazi. Pulagi ya mawaya ndimaitsuka ndi mankhwala opopera zamagetsi, kenako ndimatsegula bokosi lija mu boneti kuona ngati pulagi ya kompyuta yanyowa. Ikanyowa ndimatsuka ndi kuumitsa, ndipo ndimadzaonanso pakapita milungu ingapo, chifukwa oyilo wotsalira m'mawaya amapitiriza kukwera.

Kompyuta ikakhala kuti inaonetsa nambala ya cholakwa P0715, nthawi zambiri ndi masensa oyeza liwiro amene ali pa conductor plate yomweyo. Nthawi yoisintha ndi ino sampu ili pansi, koma pamafunika kutsitsa bokosi lonse la mavavu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya tsiku lake.

Kubwezera n'kosavuta. Fyuluta ndimaikankha mpaka italowa, gasiketi ndimaiveka pa sampu youma. Silikoni ayi, ngakhale pang'ono: imafinyikira m'kati, n'kuduka tizidutswa, n'kukatseka mavavu. Mabawuti ndimamanga modumphadumpha pa 8 Nm, pulagi yokhetsera ndi washala watsopano pa 20 Nm.

Pothira ndi pamene ambiri amaphonya. Ndimathyola kachotsekera kofiira, kuchotsa chivindikiro, ndi kuthira pang'onopang'ono muyeso umene unatuluka, kuchotserapo theka la lita. Ngati ndakhetsa converter, ndimayamba ndi malita 5, kuliza injini, n'kumalizitsa otsalawo ikulira. Phazi lili pa buleki, ndimadutsitsa ndodo ya magiya pa R, N, D, paliponse masekondi angapo, ndi kubwerera pa P. Kuyeza kumachitika injini ikulira, pa P, pamalo owongoka. Dipstick ndi yaitali dala, ndiye simalowa yonse. Ndimaikankha mpaka nsonga itagunda pansi, chotsalacho chimalendewera panja.

Oyiloyu amafufuma akatentha, n'chifukwa chake pali mizere iwiri. Ya madigiri 25 ndi yongothandiza kuti munyamuke, ndipo ku Tete nthawi yotentha singakuthandizeni n'komwe, popeza oyilo amakhala atapitirira pamenepo galimoto isanalire. Ku Ulongwe kapena ku Tsangano m'mawa wa mu Juni amakhala pansi pake. Muyeso weniweni ndi wa madigiri 80. Ndimayenda makilomita pafupifupi 20 kenako ndimawerenga kutentha pa kompyuta. Apa pali msampha: sensa ya kutentha kwa oyilo imawerengedwa ndodo ikakhala pa D kapena R. Pa P ndi N kompyuta imaonetsa kutentha kwa injini. Choncho ndimaponda buleki, kuika pa D, kuwerenga, kubwerera pa P, n'kuyeza. Ndimawonjezera mamililita 100 kapena 200 nthawi imodzi, ndi kudikira mphindi ziwiri kuti oyilo atsike m'paipi, apo ayi dipstick imanama. Akachepa, galimoto imachedwa kugwira giya ndipo imaterereka pokhota. Akachuluka amachita thovu n'kutulukira pa kabowo kopumira pamwamba, pafupi ndi ekizozi yotentha. Wochulukayo ndimamukoka ndi sirinji ndi kapaipi. Ndikamaliza ndimachotsa dipstick, chifukwa siyendera m'galimoto, ndi kutseka ndi kachotsekera katsopano.

Ngati ndakhetsa sampu yokha, theka la oyilo ndi wakale, ndiye ndimadzakhetsanso pa pulagi pokha pakapita makilomita 2,000 kapena 3,000. Kuchokera apo, pa misewu yathu ino ndimasintha pa 40,000 aliwonse, osadikira 60,000. Tsiku lomwelo ndimapemerera pakati pa ladiyeta ndi kondensa ya AC, pamene pamadzaza udzu, tizilombo ndi fumbi la malasha la ku Moatize. Ladiyeta wotsekeka amaphika injini ndi giyabokosi limodzi.

Masiku oyamba magiya angasinthe mwachilendo pang'ono pamene kompyuta ikuzolowera oyilo watsopano. Ndimayenda mofatsa, kuilola idutse magiya onse 5 kangapo. Kenako imabwerera khalidwe lake lija, losintha giya osamva, singano yosonyeza kuthamanga kwa injini yokha ndiyo ikutsika. Kabatani ka W ndi S pafupi ndi ndodo ndimakasiya pa S. W imanyamukira giya yachiwiri, zimene zimathandiza pa matope a ku Macanga nthawi ya dzinja, koma mu mzinda wotentha zimangowonjezera kutentha mu converter. Potsika zitunda kuchokera ku Angonia ndimakokera ndodo pa 4 kapena 3 kuti injini igwire galimoto, mabuleki apume, ndipo pokwera kumbuyo kwa thiraki ndimachita chimodzimodzi kuti isamangosinthasintha pakati pa magiya awiri. Ikadzafa panjira musaikankhe kuti ilire, siingalire. Kukoka ndi chingwe kusapitirire makilomita 50, pa liwiro losaposa 50, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo nayo yaima. Kuchokera pa Mussacama kukafika ku Tete n'kutali kuposa pamenepo, ndiye imafunika kukwezedwa pa lole.