Tiyi wanga wa m'mawa anawononga masampulo a mwezi wathunthu

Teremu ino gulu lathu likuyeza madzi a pansi pa nthaka pa koleji pathu: mijigo iwiri ndi chitsime chimodzi chomwe chili kumunsi kwa mahositelo, pafupi ndi matanki a zimbudzi. Lolemba lililonse timatsitsa tepi m'chitsimemo. Ikangokhudza madzi imalira kuti "piii", ife n'kulemba kuya kwake. Kenako kupopa. Aphunzitsi athu salola kutunga tisanataye madzi ochuluka katatu kuposa amene agona m'paipi. Mikono imachita kuphwanya.

Sitikusaka majeremusi ayi, koma mankhwala a kuchipatala. Munthu akamwa piritsi, thupi siligaya lonse. Lina limatuluka ndi mkodzo, n'kulowa m'thanki, n'kumadontha m'nthaka pang'onopang'ono. Carbamazepine, wa khunyu uja, ndiye nkhutukumve: sawola msanga, dothi silimugwira kwenikweni. Winanso ndi sulfamethoxazole wa mu Bactrim, amene anthu ambiri omwe ali pa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku. Mu 2022, kafukufuku wotsogozedwa ndi University of York anayeza mitsinje 258 m'mayiko 104, ndipo opezeka kawirikawiri anali carbamazepine, metformin wa shuga ndi caffeine, yemwe amapezeka mu tiyi ndi khofi.

Caffeine yemweyo ndi amene anandichititsa manyazi.

Zinthuzi timaziyeza m'mananogalamu pa lita, ndipo galamu imodzi ili ndi mananogalamu 1 biliyoni. N'chifukwa chake timanyamulanso botolo la madzi oyeretsedwa a ku labu, limene timalitcha blank, kuti tione ngati ife eni sitinaipitse masampulo. Timalitsekula pachitsime pomwepo, n'kulitsekanso, n'kuliika pa ayezi limodzi ndi mabotolo anzake a masampulo. Lisapezeke ndi kanthu. Langa linapezeka ndi caffeine.

"Achimwene, tsiku limenelo munamwa chiyani?" anandifunsa aphunzitsi.

"Tiyi basi, Madamu."

Ndinamwera pachitsime pomwepo, fulasiki ili pambali pa mabotolo, magolovesi ali m'thumba chifukwa kunkatentha. Sanakalipe. Anangodula mzere pa manambala onse a caffeine a mwezi umenewo, poti palibe akanadziwa ngati achokera m'nthaka kapena m'manja mwanga.

Chomwe chimandivutitsabe maganizo n'chakuti madzi a pa mjigo wa kumunsi ndi oyera mbee, ndipo poyeza E. coli, jeremusi wa m'chimbudzi, anakhoza bwinobwino. Anzathu amatunga pomwepo mipopi ikauma. Zotsatira za carbamazepine tikuziyembekezerabe kuchokera ku labu. Lolemba likubwerali ndipita kuchitsime ndisanalawe tiyi, magolovesi ndivalira kuhositelo.