Chaka changa cha kumpoto: bawo, ingoma ndi usiku wa pa Ilala

Mvula yakhazikika tsopano kuno ku Mzuzu, misewu ya fumbi ya ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa yasanduka matope, ndipo maulendo ataliatali aima kaye kufikira dzinja litapita. Ndinabwera mumzinda uno kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito, koma chaka chino ndicho choyamba chimene ndinasankha kuthera tchuthi changa chonse m'chigawo cha kumpoto m'malo mothamangira kumudzi. Ndikayang'ana m'mbuyo, ndikuona kuti zonse zimene zinandikhalira mumtima zinali pafupi ndi pakhomo, ndipo zambiri sizinafune ndalama zochuluka.

Za masiku wamba ndingonena mwachidule. Madzulo ambiri a Loweruka ndinkakhala pa bawo ndi anzanga ku Chiputula, tikuthirira nkhomo m'maenje 32 aja, wina akutakata, wina akudya, oonerera akulangiza mokweza ngakhale sanafunsidwe. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa Mzuzu kumalowa mpaka m'mafupa, bawoyo inkayenda ndi khofi wotentha wolimidwa m'mapiri a Misuku. Mpira ndinkaonera pa Mzuzu Stadium, makamaka Moyale Barracks, Mikango ya ku Kaning'ina, ikamalandira Maule kapena Manoma, chifukwa masiku amenewo mzinda wonse umadzuka m'mawa ndi phokoso la mavuvuzela.

Mu August ndinapita kuphiri la Hora m'boma la Mzimba kukaonera Umthetho, mwambo wa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Awa ndi adzukulu a anthu amene anawoloka mtsinje wa Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, ndipo ingoma yawo ikusungabe kaimidwe ka ankhondo. Ndinali nditaionerapo pa kanema, koma kanema samva kunjenjemera kwa nthaka. Amuna atavala zikopa ndi nthenga, zishango ndi zibonga zili m'manja, amaponda pansi nthawi imodzi popanda ng'oma yowatsogolera, pamene amayi akuomba m'manja ndi kuimba kumbuyo kwawo. Chimene chinandigwira mtima ndi anyamata ang'onoang'ono amene anali kumapeto kwa mzere, maso ali pa mapazi a agogo awo, akuyesetsa kuti asaphonye ngakhale kamodzi.

Komabe ulendo umene unaposa onse ndi wa ku Likoma. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi mtunda wosakwana makilomita 50, ndipo minibasi imatsika mokhotakhota kuchokera m'nkhungu za m'mapiri a Viphya mpaka kukafika kunyanja kumene juzi imakhala katundu wolemetsa. Ndinafika masana, n'kudya kondowole wa nsomba ya batala pamalo ena odyera pafupi ndi doko, kenako ndinakaima pachipilala chokumbukira anthu amene anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda pa 3 March 1959, pamene anasonkhana padokopo kukana kuti atsogoleri awo omangidwa atengedwe pa sitima ya Mpasa. Tchuthi cha pa 3 March ndakhala ndikuchisunga chaka ndi chaka, koma kuima pamalo penipeni pamene magaziwo anakhetsedwa kunandipatsa chisoni chimene zolankhula za pa wailesi sizinandipatsepo.

Sitima ya Ilala, imene ndinakwera padokopo, inamangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Sabata iliyonse imachoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ndi kubwerera, ndipo kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sitimayi ndiyo msewu wawo waukulu. Zimenezi munthu amazimvetsa akaona zimene zimakwezedwa. Ndinaona matumba a chimanga ndi a simenti, malata, makatoni a sopo, mikoko ya nthochi, matiresi, njinga zamoto ndi nkhuku zomangidwa miyendo, zonse zikulowa pakhomo limodzi ndi anthu. Ndinagula tikiti ya pansi pamene pamakhala anthu ambiri, ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono, chifukwa kumeneko n'kumene kuli moyo wa sitimayo.

Ndinapeza malo pambali pa mayi wina wachikulire wa ku Chizumulu amene ankachokera kokagulitsa usipa wouma ku Mzuzu ndipo ankabwerera ndi ufa. Ataona kuti ndakhala mowongoka, chikwama chili pamiyendo, anandiuza kuti, "Bambo, ulendo uno si wa minibasi ayi. Tsamirani thumba langali mugone, nyanja ikayamba kuvina mudzandithokoza." Ndinayankha kuti, "Zikomo mayi, ndamva," ndipo ndinachita monga ananenera. Pakati pa usiku mwera unayambadi kukankha sitima, ana anayamba kulira, ena anasanza, koma mayiwo anangokokera chitenje kumutu osatekeseka. Titafika ku Chizumulu kudakali mdima, maboti anatsitsidwa m'madzi ndipo anthu anatsikiramo mmodzimmodzi, makanda akupatsirana m'manja mwa anthu osawadziwa, matumba akuponyedwa ndi anyamata oimirira m'boti logwedezeka ndi mafunde, tochi zikuwala uku ndi uku. Palibe amene ankalamula, koma aliyense ankadziwa pogwira. Ndikaganiza kuti amayi ngati amenewa amachita zimenezi mwezi ndi mwezi kuti ana awo adye nsima, ndimaona kuti nkhani ya mayendedwe a panyanja timaipeputsa kwambiri ife a kumtunda.

Likoma ndi chilumba cha miyala ndi milambe ikuluikulu, chimene chili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique kotero kuti mapiri a kutsidyako amaoneka bwinobwino. Anthu ake amalankhula Chinyanja chawochawo, chimene ndinkachimva mosavuta ngakhale kuti kamvekedwe kake n'kosiyana ndi ka kwathu. Ku Chipyela kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene amishoni a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anayamba kumanga mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911. Kukula kwake kumadabwitsa munthu akakumbukira kuti zipangizo zambiri zinkabwera pamadzi, ndipo manja amene ananyamula miyalayo anali a makolo a anthu omwe akupempheramo lero. Ndinalowa nawo m'mapemphero a Lamulungu, ndipo kuimba kwa mpingo kunadzaza nyumba yonseyo popanda chokuzira mawu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaona malipenga, gule amene anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Amuna anavala makabudula oyera ositidwa bwino, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo ndi zipewa, ndipo ankayenda pamzere mwaulemu, akuliza zikho zouma zimene pakamwa pake amamatapo kanthu kopyapyala kuti mawu azinjenjemera. Mosiyana ndi ingoma, pano mphamvu imabisika. Wovina waluso amadziwika ndi kupepuka kwa phazi, kugwedeza phewa pang'ono chabe, ndi kutuluka m'bwalo zovala zikadali zoyera ngakhale fumbi lili tolotolo. Mwa zisangalalo zonse za chaka chino, ichi ndicho ndingakonde kuchionanso mawa lomwe.

Mu October ndinakweranso ku Livingstonia kudzera ku Chitimba, pamsewu wa Gorodi wokhala ndi makona okhota kwambiri pafupifupi 20. Ndinaona Stone House, nyumba ya Dr Robert Laws amene anasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894, komanso mathithi a Manchewe amene madzi ake amagwa mamita oposa 100. M'buku la alendo la kumeneko maina ambiri anali a anthu ochokera kunja, ndipo zimenezi zinandiwawa, chifukwa ana athu amaloweza dzina la Laws pokonzekera mayeso pamene malowo ali pamtunda woti basi ya sukulu ingapite ndi kubwerako tsiku limodzi.

Kumene sindinafike ndi ku Nyika, paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, chifukwa msewu wochokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima umafuna galimoto yamphamvu, ndipo kubwereka yotere munthu mmodzi sangakwanitse. Anzanga a pa bawo tagwirizana kuti kuyambira January tizisonkha kangachepe mwezi uliwonse, kuti mvula ikadzatha tidzakwere limodzi mpaka ku Chelinda kukaona mbidzi ndi ntchefu.